Rob Roy: venda wa ng'ombe yemwe ngongole inamuthawitsira kumapiri

Dzina la Rob Roy ndinayamba kulimva m'kachipinda ka vidiyo, masiku aja tinkalipira kandalama kachitsulo pakhomo n'kukapanikizana pabenchi. Pakanemapo panali Liam Neeson, wamtali ngati mlongoti, atavala chovala chonga siketi, lupanga lili m'manja. Filimuyo inatuluka mu 1995. Chingerezi chake ambirife sitinkachimva bwino, koma nkhani tinaitola: munthu wachilungamo walandidwa ndalama, anthu olemera amuchita chipongwe, iye wabwezera. Tinatuluka tikuomba m'manja.

Patapita zaka zambiri ndinawerenga mbiri yake yeniyeni, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi ntchito yomwe mkuluyu ankagwira. Anali mlimi wakumudzi yemwe ankayenda m'midzi kugula ng'ombe n'kukazigulitsa kumsika waukulu. Kunena mwachidule, anali venda wa ziweto, ngati aja mumakumana nawo m'mamawa atamangirira mbuzi panjinga, kungoti iye ankachita zazikulu. Ndipo chomwe chinasokoneza moyo wake wonse ndi chinthu chomwe aliyense wochita geni amachidziwa bwino lomwe, ndalama za eni ake.

Robert MacGregor anabadwira ku Glengyle, kumtunda kwa nyanja ya Loch Katrine m'dziko la Scotland, ndipo anabatizidwa pa 7 March 1671. Scotland yake ndi yomwe ija kunachokera David Livingstone, yomwe inatipatsa dzina la mzinda wa Blantyre, koma izi zinkachitika zaka zoposa 140 Livingstone asanabadwe. Bambo ake anali Donald Glas MacGregor, mmodzi mwa akuluakulu a fukolo, mayi ake anali Margaret Campbell. Dzina loti Roy linachokera ku liwu la chinenero chawo cha Gaelic lotanthauza kufiira, chifukwa mnyamatayo anali ndi tsitsi lofiira.

Fuko la a MacGregor linali pa udani ndi boma kuyambira kalekale. M'chaka cha 1603, pambuyo pa nkhondo ya ku Glen Fruin pomwe anapha anthu ambiri a fuko la Colquhoun, mfumu James VI inalamula kuti dzina loti MacGregor lithe. Tangoganizani, boma kukuletsani kutchula mfunda wanu. Lamuloli linachotsedwa mu 1661, n'kubwezeretsedwanso mu 1693, ndipo linadzatheratu mu 1774, Rob atamwalira kale. N'chifukwa chake m'makalata ake a bizinesi ankasaina kuti Robert Campbell, kubwereka dzina la kwa amayi ake. Munthu wochita malonda odalira kukhulupirika kwa dzina, koma dzina lakelo n'loletsedwa.

Ali ndi zaka 18, mu 1689, anatsatira bambo ake kukalowa m'gulu lomwe linkamenyera ufumu wa James VII yemwe anali atachotsedwa pampando. Otsatira mfumuyi ankatchedwa ma Jacobite. Zinthu sizinawayendere. Bambo ake anatsekeredwa m'ndende ku Edinburgh kwa zaka ziwiri, ndipo potuluka anapeza mkazi wawo atamwalira. Mu January 1693 Rob anakwatira Mary MacGregor wa ku Comar, ndipo anabereka ana aamuna anayi.

Kuti mumvetse Rob, muyenera kumvetsa kaye ng'ombe za kumapiri a Scotland. Nthaka ya kumeneko ndi yamiyala, yozizira, yosabereka kwenikweni. Anthu ankalima timbewu ta oats ndi balele tongokwanira phala la pakhomo. Chuma chenicheni chinali ng'ombe, zing'onozing'ono, zambiri zakuda, zaubweya wautali. Lendi ya munda inkachokera mu ng'ombe, malowolo mu ng'ombe, ulemu wa munthu mu ng'ombe. Vuto linali nyengo yachisanu. Msipu unkatha, ndipo ng'ombe zinkatuluka m'khola zitaonda mpaka zina kuchita kunyamulidwa kuti ziimirire. Choncho mlimi aliyense ankafuna kugulitsako ziweto zake chisanu chisanafike. Koma msika unali kutali, misewu kunalibe.

Apa m'pamene pankalowera anthu ngati Rob. Nyengo yofunda ikayamba ankazungulira m'midzi, kuona ng'ombe, kukambirana mtengo. Akasonkhanitsa gulu lalikulu, anyamata ake ankaziyendetsa wapansi kudutsa m'mapiri, makilomita 16 mpaka 20 patsiku, pang'onopang'ono kuti zisaonde panjira. Anyamatawo ankagona panja pafupi ndi ziweto, atadzikulunga m'nsalu zawo zaubweya. Kamba wawo unali ufa wa oats ndi anyezi, ndipo zikavuta ankaboola pang'ono mtsempha wa ng'ombe yamoyo n'kusakaniza magaziwo ndi ufa. Ng'ombe zochokera pachilumba cha Skye zinkachita kusambira kuoloka kanyanja ka Kyle Rhea. Ulendo wonsewu unkathera ku Crieff, komwe kunkachitika msika waukulu mwezi wa October. Mlendo wina yemwe anaona msikawu m'zaka za m'ma 1720 analemba kuti panali ng'ombe pafupifupi 30 000. Ogula ambiri ankachokera ku England. Iwowa ankapitiriza nazo ulendo kukazinenepetsa ku Norfolk, kenako kumsika wa Smithfield ku London.

Koma mtima wa bizinesiyi unali pangongole. Kumapiriko ndalama zogwirika zinali zosowa. Wogula ng'ombe ankapatsa mlimi kandalama pang'ono ndi kapepala kolonjeza kuti zotsalazo adzalipira akabwerako kumsika. Mbali inayi, anthu olemera akuchigwa ankamupatsiratu wogulayo ndalama kuti akawagulire ng'ombe chaka chamawa. Ndiye kuti munthu mmodzi ankayenda ndi ng'ombe za anthu osauka zomwe sanamalize kulipira, komanso ndalama za anthu olemera zomwe sanazigwiritse ntchito. Mitengo ikakhala bwino ku Crieff, aliyense ankasekerera. Ikatsika, onse awiri ankayang'ana iyeyo. Panalibe banki yomutchinjiriza, panalibe inshuwalansi. Mpamba wake weniweni unali mbiri yake yoti akalonjeza amachita.

Pa ntchitoyi Rob anali katswiri. Ankalankhula Gaelic ya alimi akumapiri, ankalankhula ndi kulemba Chingerezi cha mabwana akuchigwa, ankadziwa njira iliyonse ya m'mapirimo, ndipo lupanga ankalitha. Zinthu zinayi zimenezi sizinkapezeka kawirikawiri mwa munthu mmodzi.

Panalinso geni ina yomwe sindingaibise. Kuba ng'ombe kunali kofala kwambiri m'malire a mapiri ndi chigwa, ndipo a MacGregor anali akadaulo ake. Rob mwiniyo anatsogolera chiwembu cholanda ng'ombe ku Kippen mu 1691, ali ndi zaka 20 zokha. Alimi akuchigwa atatopa ndi kuberedwa ankalipira ndalama chaka ndi chaka kwa anthu ngati iyeyu kuti aziwalondera ziweto. Ukalipira, ng'ombe zako zikabedwa ankazilondola n'kuzibweza, apo ayi ankakulipira. Ukakana kulipira, ng'ombe zako zinkasowa modabwitsa. Malipiro amenewa ndiwo ankatchedwa blackmail, liwu lomwe lero mumalimva munthu akamaopseza mnzake kuti atulutsa zithunzi zake pa Facebook. Linayambira pa ng'ombe. Alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje omwe amagona kukhola kuopa mbava angamvetse chifukwa chake munthu ankalolera kulipira mlonda yemwe akumukayikira kuti ndiye wakubayo.

Njala yoopsa yomwe inagwa ku Scotland m'zaka za m'ma 1690 anaipulumuka, ndipo m'zaka zotsatira anatukuka. Anakhala mwini malo ku Inversnaid ndi Craigrostan, m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond. Mu 1707 Scotland ndi England zinaphatikizana kukhala dziko limodzi, msika wa ng'ombe unatseguka kwambiri, ndipo anthu apamwamba anayamba kumudalira ndi ndalama zawo. Mmodzi mwa iwo anali James Graham, Duke wa Montrose, mwini minda ikuluikulu komanso munthu wamphamvu m'boma.

Kenako chinafika chaka cha 1712. Rob anali atalandira ndalama kwa Montrose ndi mabwana ena zoti akagulire ng'ombe. Nthawi yopereka ng'ombezo itakwana, ng'ombe panalibe, ndalama panalibe, mwiniwakenso sankaoneka. Mu June chaka chomwecho nyuzipepala ya ku Edinburgh inalengeza kuti Robert Campbell, wodziwika kuti Rob Roy MacGregor, wathawa ndi ndalama za anthu zokwana mapaundi 1 000. Masiku amenewo ndalama imeneyi inkagula ng'ombe mazanamazana. Ataitanidwa kukhoti sanapite, ndipo analengezedwa kuti ndi munthu wogalukira lamulo.

Chinachitika n'chiyani kwenikweni? Nkhani yomwe inafala, yomwenso filimu ija inatsamirapo, imati kapitawo wake wina wa dzina loti MacDonald ndiye anatumidwa ndi ndalamazo n'kusowa nazo. Ikakhala choncho, Rob anali wongogweredwa tsoka. Koma katswiri wa mbiri yakale David Stevenson, m'buku lake la 2004 lotchedwa The Hunt for Rob Roy, anafufuza makalata ndi zikalata za nthawiyo n'kupeza chithunzi china. Malinga ndi iye, bizinesi ya Rob inali itayamba kale kulowa pansi, ndipo ataona kuti kugwa kwayandikira anayamba kusamutsira katundu wake m'maina a achibale, uku akupitiriza kulandira ndalama za anthu ngati kuti zonse zili bwino. Atabisala, analembera makalata omwe anamukongoza, kuwauza kuti akutolera ndalama kwa omwe ali naye ngongole ndipo akampatsa nthawi adzabweza.

Ine pamenepa ndimaima ndi Stevenson, ngakhale mtima wanga wa pabenchi ya vidiyo umakana. Chifukwa chake n'chakuti khalidweli ndinalionapo ndi maso. Kwathu kunali bambo wina wogula mbuzi yemwe kwa zaka zambiri sanaphonyepo lonjezo. Amayi a m'mudzi ankamupatsa mbuzi pangongole osalemberana kanthu. Chaka china mitengo inamuipira, ndipo mmalo mouza anthu zoona anayamba kutenga mbuzi za uyu kuti alipire uja, akuyembekeza kuti ulendo wotsatira ukonza zonse. Ulendo wotsatirawo sunakonze kanthu. Tsiku lomwe anasowa, anthu omwe analira kwambiri ndi omwe anamupatsa mbuzi sabata yomalizayo, iye akudziwa kale kuti zatha. Sindikhulupirira kuti bamboyo anayamba geni yake ndi mtima wakuba, ndipo sindikhulupirira kuti Rob anayamba choncho. Koma pali tsiku lomwe wamalonda amadziwa kuti ndalama yomwe akulandirayi sadzaibweza, n'kutambasulabe dzanja. Rob analidutsa tsiku limenelo.

Izi sizikuyeretsa Montrose. Ena mwa omwe anamukongoza akanatha kudikira kapena kulandira pang'onopang'ono, koma Montrose anasankha kumufinya mpaka mapeto, ndipo malo a Craigrostan anathera m'manja mwake. Kapitawo wake, John Graham wa ku Killearn, anathamangitsa Mary ndi ana pakhomo pawo. Rob ankanenanso kuti Montrose anafuna kumukhululukira ngongoleyo ngati akanavomera kupereka umboni wabodza woipitsa Duke wa Argyll, mdani wa Montrose pandale, ndipo iye anakana. Awa anali mawu a Rob mwini, munthu yemwe ankadziwa kukometsa mbali yake. Chodziwika n'chakuti Argyll ndi Montrose ankadanadi, ndipo Rob anapeza pobisala pakati pa udani wawowo. Earl wa Breadalbane, wa fuko la Campbell ngati mayi ake, anampatsa malo ku Glen Dochart, ndipo pambuyo pake Argyll anamulola kumanga nyumba ku Glen Shira.

Kuchokera kumeneko anayamba nkhondo yakeyake yolimbana ndi Montrose, yomwe inatenga zaka. Ankalanda ng'ombe ndi chakudya m'minda ya bwanayo. Chochitika chotchuka kwambiri ndi cha mu November 1716. Killearn, kapitawo uja, anali pamalo otchedwa Chapelarroch akutolera lendi kwa alimi. Rob anatulukira ndi anyamata ake, n'kutenga ndalama zonse pamodzi ndi mabuku a lendi, n'kumunyamula kapitawoyo kukamusunga pakachilumba ka pa Loch Katrine kwa masiku angapo. Anamumasula osamuvulaza. Mpaka lero kachilumbako kamatchedwa Factor's Island, kutanthauza chilumba cha kapitawo. Nyanja yomweyo ndiyo yakhala ikupereka madzi akumwa mumzinda wa Glasgow kuyambira 1859.

Nkhani ngati zimenezi ndi zomwe zinampatsa mbiri yoti ankalanda kwa olemera n'kuthandiza osauka. Nthano za kumeneko zimasimba za amayi amasiye omwe anawalipirira lendi. Mwina zina zinachitikadi, poti munthu wobisala amafunika anthu omukonda kuti asamuulule. Koma ndikaganiza bwino, ng'ombe zambiri zomwe zinkalandidwa m'minda ya Montrose zinali za alimi wamba obwereka malo, omwe chaka chikatha ankayenerabe kulipira lendi. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo pankhondo iyi udzuwo unali anthu omwewo omwe kale ankamugulitsa ng'ombe pangongole.

Pandale ndiye anali wovuta kumumvetsa. Ma Jacobite ataukiranso boma mu 1715, Rob anali mbali yawo. Koma mkulu wa asilikali a boma anali Argyll, yemwe ankamuteteza uja. Pankhondo ya ku Sheriffmuir pa 13 November 1715, Rob ndi anthu ake sanamenye nawo, ena amati anafika mochedwa, ena amati anaimirira dala patali. Patapita zaka khumi, m'kalata yopempha chikhululukiro kwa General George Wade, iye mwini analemba kuti pa nthawi ya kuukirako ankatumiza uthenga wachinsinsi kwa Argyll wonena za mphamvu ndi mayendedwe a anzake. Kaya ankanena zoona kaya ankangofuna kusangalatsa boma, zonse ziwiri sizikumuonetsa bwino. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma mkulu uyu anabisala m'mapanga awiri kwa zaka zambiri osanyowa kwenikweni.

Kugwidwa ankagwidwa, koma kumusunga kunali kovuta. Mu June 1717 Duke wa Atholl anamuitana ngati kuti akufuna kukambirana, n'kumutsekera ku Logierait. Atholl anafulumira kulembera akuluakulu a boma kudzitamandira, koma pasanathe masiku Rob anali atathawa. Chaka chomwecho boma linakhululukira ambiri mwa omwe anaukira, koma fuko la MacGregor linapatulidwa pa chikhululukirocho. Boma linafika pomanga kampu ya asilikali ku Inversnaid, kwawo kwenikweni. Mu 1719 anapezekanso pankhondo ya ku Glen Shiel, pomwe ma Jacobite anathandizidwa ndi asilikali ochokera ku Spain n'kugonjabe. Mu 1725, ali ndi zaka 54, anadzipereka kwa Wade ndipo anakhululukidwa.

Zaka zake zomaliza sizikhala m'mafilimu, komatu kwa ine ndi zomwe zimamuonetsa bwino. Anakhazikika ku Balquhidder n'kubwerera ku zomwe ankadziwa: kulima, kuweta, kugula ndi kugulitsa ng'ombe, ndi kalonda kaja kolipiritsa. Atakalamba analowa mpingo wa Katolika. Mikangano sinamuthere. Anakangana ndi a fuko la MacLaren pa nkhani ya munda wa ku Invernenty, mkangano wa malo ngati womwe mafumu athu amaweruza sabata iliyonse. Anamwalira pa 28 December 1734 m'nyumba mwake ku Inverlochlarig, ali ndi zaka 63. Munthu yemwe asilikali anamusaka kwa zaka zoposa khumi anafera pamphasa pake, ndipo anaikidwa m'manda a pa tchalitchi cha Balquhidder.

Mkangano wa munda uja sunathere pamaliro. Mu 1736 mwana wake wotsiriza, Robin Oig, anaombera John MacLaren ndi mfuti ali kumunda akulima, n'kumupha. Robin yemweyo, mothandizidwa ndi abale ake, anaba mayi wamasiye wachitsikana wolemera, Jean Key, mu 1750 n'kumukakamiza ukwati pofuna chuma chake. Ananyongedwa ku Edinburgh mu 1754. Mkulu wake James anathawa m'ndende n'kukafera ku Paris ali mu umphawi. Anawa anakulira m'nyumba momwe kulanda chinthu ndi mphamvu inali njira yopezera chakudya, koma analibe nzeru za bambo awo zodziwa polekezera.

Kutchuka kwake kunayamba iye akali moyo, pomwe kabuku kotchedwa The Highland Rogue kanatuluka ku London mu 1723. Koma yemwe anamukweza kwambiri ndi Walter Scott, ndi buku lake la Rob Roy la mu 1817. Kuyambira pamenepo venda wa ng'ombe uja anasanduka ngwazi ya dziko. Olemba filimu ya 1995 anawonjezeramo zawo, moti munthu woipa uja Archibald Cunningham, yemwe tonse tinkamutukwana pabenchi paja, sanakhaleko n'komwe. Lero kuli njira ya alendo oyenda wapansi yotchedwa Rob Roy Way, yochokera ku Drymen mpaka ku Pitlochry, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri kuti ayende m'dera lomwe anyamata ake ankagona panja ndi ng'ombe za eni.

Ndikamawerenga zonsezi maganizo anga amabwerera kwa Mary. Ndiye anali pakhomo tsiku lomwe Killearn anafika ndi anthu ake, mwamuna ali kumapiri. Ndiye anasamuka ndi ana kuchoka ku Inversnaid kupita kumalo obwereka, kenako kwinanso, kwa zaka zoposa khumi, chifukwa cha ngongole yomwe sanasaine. Anakhalabe ndi moyo mwamuna wake atamwalira, ndipo anaona mwana wake wotsiriza akusakidwa pa mlandu wakupha. Manda ake ali pomwepo pa Balquhidder, pambali pa a mwamuna wake ndi ana awo awiri, Coll ndi Robin. Alendo amafika tsiku ndi tsiku, kujambula ndi mafoni awo, ena n'kuponyapo tindalama tachitsulo pamwala wa Rob.